Makochi a kusekondale ku America osewera mosemphana ndi anzawo: n'kuchenjera kapena n'kubera?

Mayi a Tada (Indiana): Abale pagulu pano, odziwa mpira wa ku America ndithandizeni. Sukulu ya mwana wanga Lachisanu likubwerali ikukumana ndi timu imene akuti siponya mpira m'mwamba n'komwe. Mwanayo akudandaula kuti sabata yonse akuphunzitsidwa zinthu zimene sadzazigwiritsanso ntchito chaka chino. Akuti anyamata a timu imeneyo amaima mothithikana, phazi kugunda phazi la mnzake, ndipo mpira suoneka kumene walowera. Dzina lake akuti Double Wing. Kodi zimenezi n'zololedwa?

Nyerere ya ku Bangwe: Mpira wogwira ndi manja uja mayi? Kumeneko chilichonse n'chololedwa, ngakhale kugwetsana kkkk

Achimwene a ku Dallas: Mayi, n'zololedwa ndithu. Ndiyambire patali pang'ono kaamba ka anzathu ngati a Nyerere amene amangoona anthu akugwetsana. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11. Imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4, imene amaitcha madown, kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina 4, mpaka itakafika kumapeto kwa bwalo, ndiye touchdown, mapointi 6. Ikalephera, mpira umapita kwa adani pamalo pomwepo. Mpirawo mungathe kuthamanga nawo, kapena kuuponya kutsogolo kamodzi kokha pa down iliyonse.

Masiku ano matimu ambiri a kusekondale amatengera za pa TV: kumwaza anyamata bwalo lonse, quarterback, mtsogoleri amene amalandira mpira poyambira, n'kumaponya. Double Wing imachita zosemphana. Onse amaunjikana pamalo amodzi. Apamzere 7 amagundanitsa mapazi kuti mdani asapeze polowera. Kumapeto kwa mzerewo, uku ndi uku, kumaima mnyamata mmodzimmodzi cha kumbuyo pang'ono, ndiwo mapiko awiriwo. Wina wamphamvu amanyonyomala kumbuyo kwenikweni kwa quarterback moti otchinga samuona bwino. Mpira ukangoyamba, quarterback amauponyera chammbali kwa phiko limodzi, iye mwini n'kutembenuka kukathandiza kukankha. Apamzere awiri a mbali inayo amachoka pamalo pawo n'kuthamangira komweko. Ndiye pamene pali otchinga atatu pamafika anthu 5 kapena 6 nthawi imodzi. Akakuchitani zimenezi kangapo, nonse mumayamba kukhamukira mbali imeneyo, ndipo m'pamene amapatsirana mpira mobisa, wina n'kubwerera mbali inayo popanda womuona.

Amene anaitchukitsa ndi Don Markham. Mu 1994 anatenga timu ya Bloomington High School ku California, imene chaka cham'mbuyo mwake inapambana kamodzi kokha pa masewero 10. Chaka chomwecho inapambana masewero onse 14 n'kupeza mapointi 880, pafupifupi 63 pa masewero aliwonse. Panthawiyo kunalibe sukulu ina mu America monse imene inafikapo pamenepo.

Mayi a Tada (Indiana): Iii achimwene, 63? Ndiye mwana wanga akathera pati?

Achimwene a ku Dallas: Musade nkhawa, si onse osewera Double Wing amene ali Markham. Mumuuze zinthu ziwiri. Asamayang'ane mpira, chifukwa kaseweredwe konseko anakakonzera kunamiza maso. Aziyang'ana apamzere awiri oyandikana ndi wapakati pa mzere amene amayambitsa mpira, kumene iwo akuthamangira ndi kumene mpira ukupita nthawi zambiri. Ndipo ngati malo ake ndi kumbali, asachokepo ngakhale aone kuti aliyense wapita mbali ina. Amene amagoletsedwa ndi uja wofunitsitsa kukathandiza anzake.

Dandaulo la mwanalo ndilo chida chachikulu cha matimu oterewa. Iwo amachita zomwezo tsiku lililonse kuyambira August. Adani awo amakhala ndi masiku ochepa okha a sabata imodzi kuti aphunzire kutchinga chinthu chimene sanakumanepo nacho, ndipo anyamata a timu yachiwiri amene amayerekeza kukhala adaniwo pokonzekera sachita mwaliwiro lofanana ndi eni ake.

Refa Wopuma (Zomba): Pepani ndilowerere. Ine ndinaimbira mpira wathu wa miyendowu, wa kumeneko ndimangouwerenga. Pa zimene mwafotokozazi sindikuonapo vuto. Kochi waona kuti alibe woponya mpira waluso, wasankha kukankha. Palibe lamulo limene wapinda. Koma ndinamva kuti kuli kaseweredwe kena kamene kanachita kuletsedwa ndi akuluakulu. Kameneko n'kati?

Achimwene a ku Dallas: Madala, mukunena A-11. Nkhani yake ndi yokoma, mundilole nditalikitse.

Pali lamulo la manambala a majezi. Pa mzere pamafunika anthu osachepera 7, ndipo 5 mwa iwo ayenera kuvala manambala a pakati pa 50 ndi 79. Wovala nambala yotere saloledwa kulandira mpira woponyedwa kutsogolo. Ololedwa ndi awiri okha a kumapeto kwa mzere, ndi amene aima kumbuyo kwa mzere. Choncho wotchinga akangoona jezi ya 66 amadziwiratu kuti uyu ndi wokankha basi, sindimulondola.

Koma panali kampata. Timu ikafuna kuchita punt, ndiye kuti kuumenya mpira ndi phazi kuti upite kutali adani akayambire komweko, inkaloledwa kulowetsa anyamata othamanga m'malo mwa zimphona zija, osasintha majezi. Chizindikiro choti timu yaima mokonzekera punt chinali chakuti wolandira mpira waima mayadi 7 kapena kuposa kumbuyo kwa mzere. Lamulo la kusekondale silinanene kuti ziyenera kuchitika pa down iti, kapena kuti mpirawo uyenera kumenyedwadi.

Mu 2007 makochi awiri a Piedmont High School, sukulu yaing'ono pafupi ndi Oakland ku California, Kurt Bryan ndi Steve Humphries, anati nanga tikamaima chonchi pa down iliyonse? Anaveka anyamata onse 11 manambala ololedwa kulandira mpira. Pakati anaikapo atatu okha, atatu ena kutali kumanja, atatu ena kutali kumanzere, maquarterback awiri kumbuyo, mmodzi wa iwo pa mayadi 7. Kutatsala kanthawi kochepa kuti mpira uyambe, ena ankasunthira pa mzere, ena n'kutsala kumbuyo. Anthu 5 ankakhalabe osaloledwa kulandira mpira chifukwa cha malo amene aima, koma otchinga sankadziwa kuti ndi ati mpaka mphindi yomaliza. Chaka chimenecho anagonja masewero awiri oyamba, kenako n'kupambana 7 otsatizana. Nkhani inafala, masukulu ena n'kuyamba kutengera. Zigawo zina monga North Carolina zinaletseratu pazokha. Mu February 2009 bungwe lolemba malamulo a masewero a kusekondale, NFHS, linavota 46 kwa 2 kutseka kampatako, ndipo kumasuka kwa manambala kuja kwenikweni kunatsalira down yachinayi.

Refa Wopuma (Zomba): Zikomo. Ndikanakhala pa msonkhano umenewo ndikanakhala m'gulu la 46. Lamulo lililonse lili ndi chimene analilembera. Manambalawo anawaika kuti woimbira ndi wotchinga adziwe amene angalandire mpira. Kampatako anakasiya pofuna kuthandiza matimu kuti asamavulane majezi pa punt. Munthu akatenga chifundo chimenecho n'kuchisandutsa kaseweredwe ka masewero onse, wawerenga zilembo za lamulo koma cholinga chake wachiponda. Taganizirani woimbira amene ali ndi sekondi imodzi kuti aone anthu 11 ndani ali pa mzere, ndani ali kumapeto, ndani watsekeredwa mkati. Akalakwitsa, otukwanidwa ndi iyeyo.

Mlamu wa ku Leeds: Madala ndikulemekezani koma apa ayi. Bryan sanabise kanthu. Asanayambe anakaonetsa akuluakulu a masewero a ku California, iwo n'kuvomereza kuti palibe lamulo likuphwanyidwa. Sukulu yake inkakumana ndi masukulu a ana ochuluka kuposa iyo, okhala ndi anyamata akuluakulu matupi. Mwana wa makilogalamu 75 mukumuuza kuti usiku wonse azigundana mutu ndi wa makilogalamu 120 chifukwa ndi mmene masewerowa akhalira kuyambira kale? Makochiwo ankanenanso kuti anyamata awo sankavulala kwambiri popeza kuunjikana kunachepa. Wamng'ono akapeza nzeru, akuluakulu amathamangira kusintha lamulo. Nkhani ndi imeneyo.

Refa Wopuma (Zomba): Mlamu, kuvomerezedwa chaka chimodzi sikutanthauza kuti chinthu n'chabwino. Mpira wathuwu, kubwezera goloboyi mpira iye n'kuutola ndi manja kunali kololedwa. Amene tinaonera World Cup ya 1990 tikukumbukira mmene matimu ankaphera nthawi ndi zimenezo. Mu 1992 analetsa. Palibe amene anati matimu aja anabera, koma masewero akanapitirira choncho akanafa. Olemba malamulo ntchito yawo ndi imeneyo.

Mlamu wa ku Leeds: Kusiyana kwake n'kwakuti kubwezera goloboyi kunkagonetsa anthu tulo. A-11 anthu ankadzaza bwalo kudzaiona.

Nyerere ya ku Bangwe: Ine ndili mbali ya mlamu. Marefa kulikonse safuna ntchito yovuta 😂 Pepani madala.

Achimwene a ku Dallas: Ndionjezepo chimodzi. Piedmont sinasiye kumwaza anyamata bwalo lonse lamulo litasintha. Anangoveka ena manambala oyenera n'kupitiriza. Koma mphamvu yeniyeni inali pa kubisa kuja, ndipo kubisako kutachoka, masukulu ena sanaonenso chifukwa chotengera. Kwa ine pamenepo ndi pamene pali kusiyana ndi Double Wing. Markham mungathe kumuuza lero kuti tikudziwa chimene uchite, iye n'kuchichitabe n'kukupyolani. A-11 inkadalira kuti musadziwe.

Aphunzitsi a Masamu (Lilongwe): Ndakhala chete kudikira kuti wina atchule Kevin Kelley. Poti simukumutchula, ndimutchule ndine. Uyu sanafune kampata kalikonse m'malamulo. Anangokana mwambo.

Anali kochi wamkulu wa Pulaski Academy ku Little Rock, Arkansas, kuyambira 2003 mpaka 2020. Mwambo wa masewerowa ndi wakuti mukafika pa down yachinayi musanakwanitse mayadi 10 aja, mumachita punt. Kelley anasiya. Ngakhale ali pafupi ndi golo lake lomwe, ankayesabe. Masamu amene ankapereka ndi awa. Mukakhala pa mayadi 5 kuchokera kumapeto kwanu n'kulephera, adani amagoletsa touchdown maulendo 92 pa 100 aliwonse. Mukachita punt, mwana wa sekondale saumenya patali, adani amayambira cha pa mayadi 40, ndipo amagoletsabe maulendo 77 pa 100. Ndiye mwataya mpira dala kuti mugule 15 yokha. Pamene mukanayesa, mwina theka la nthawi mukanakwanitsa n'kukhalabe ndi mpira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kelley anakana kupereka fodya wake kwa mphepo.

Palinso phindu lina limene anthu saliwerengera. Kochi amene akudziwa kuti ali ndi mipata 4 osati 3 sapanikizika pa down yachitatu. Akatsala ndi mayadi 8 angathe kufuna 4 okha, podziwa kuti mpata wina ukadalipo. Otchinga anazolowera kuti akalimba katatu apuma. Kwa Kelley sankapuma.

Chachiwiri, akagoletsa sankaumenya mpira patali poyambiranso. Ankachita onside kick pafupifupi nthawi zonse, kuugudubuza pansi mayadi 10 okha kuti anyamata ake aulimbirane. Ankati zikakanika adani amangopindula mayadi ngati 14, koma zikatheka adaniwo saugwira n'komwe mpira. Mu 2011, pokumana ndi sukulu ya Cabot, anatsogola 29 kwa 0 Cabot isanachite down ngakhale imodzi. Anatenga chikho cha chigawo cha Arkansas maulendo 9.

Mayi a Tada (Indiana): Makolo a ana a Cabot tsiku limenelo anamva bwanji kkkk. Wavala bwinobwino, wagula tikiti, mwana wako sanaukhudze mpira koma zili 29.

Mlamu wa ku Leeds: Aphunzitsi mwasiya mchira wa nkhani. Mu 2021 Kelley anapita ku koleji, Presbyterian College ku South Carolina. Masewero oyamba anapambana 84 kwa 43, quarterback wake n'kuponya matouchdown 10, manyuzipepala n'kuyamba kuimba nyimbo. Chaka chinatha atapambana 2 n'kugonja 9, ndipo anachoka. Masamu aja anapita kuti? Komanso tisamuike m'gulu limodzi ndi Piedmont. Pulaski ndi sukulu yolipira, ya ana a anthu opeza bwino, ndipo osewera aluso anali nawo. Hunter Henry amene wakhala akusewera ku New England Patriots, timu ya mu ligi yaikulu ya NFL, anachokera komweko. Ukakhala ndi timu yoposa anzako, down yachinayi umaikwanitsa, onside kick umaitola. Mwina akanapambanabe zikho zomwezo akuchita punt ngati wina aliyense.

Aphunzitsi a Masamu (Lilongwe): Mlamu, chaka chimodzi ndi timu imene sanaimange yekha si muyeso. Koma mfundo yanu ili ndi mbali yoona, ndipo ikugwirizana ndi masamu omwewo. Manambala aja si a m'Baibulo, amadalira amene akusewera. Ku sekondale womenya punt ndi wofooka, ndiye punt imagula zochepa. Olandira onside kick ndi ana a zaka 16 amene manja amanjenjemera. Ku koleji womenya amaufikitsa kutali, olandira sagwetsa, ndipo ngati timu yako ndi yofooka kuposa adani, kulephera kulikonse pa down yachinayi kumasanduka touchdown ya adani. Njira yotereyi imakulitsa chimene chilipo kale. Wamphamvu amapambana ndi zigoli zochuluka, wofooka amagonja mochititsa manyazi.

Koma pa funso lakuti makochi amachita punt mopitirira muyeso, Kelley sanali yekha. Katswiri wa zachuma David Romer wa ku Berkeley anasindikiza kafukufuku mu 2006 woonetsa kuti ngakhale makochi a NFL amaopa down yachinayi kuposa mmene manambala akunenera. Onerani NFL lero muone mmene akuyesera pa down yachinayi poyerekeza ndi zaka 20 zapitazo. Chimene chinkawagwira si masamu, ndi mantha a ntchito. Ukachita punt n'kugonja, anthu amati ana sanasewere bwino. Ukayesa n'kulephera, amati kochi ndi wamisala, achoke.

Malume a ku Joni: Ine wa rugby ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Chimene chimandidabwitsa pa masewero anuwa n'chakuti munthu akagwira mpira amafa nawo. Mnzake ali pambali popanda womutchinga, iye osamupatsira. Kodi kupatsirana chammbuyo n'koletsedwa?

Achimwene a ku Dallas: Malume, n'kololedwa, kangati konse mungafune, paliponse pabwalo. Amangoopa. Ku rugby mpira ukatayika mumaulandanso posachedwa. Kuno timu imagwira mpira maulendo owerengeka pa masewero onse, ndiye kuutaya kamodzi n'chilango chachikulu. Koma mudabwa, Kelley yemweyo cha mu 2015 anayamba kuphunzitsa anyamata ake kupatsirana kwa rugby pambuyo polandira mpira woponyedwa, poona kuti mpira ukadutsa m'manja mwa anthu atatu kawirikawiri umayenda mtunda wautali.

Malume a ku Joni: Ndiye munthuyo anali ndi nzeru. Abwere ku Pretoria timuphunzitse zotsalazo.

Mlamu wa ku Leeds: Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti akuluakulu a NFL amaseka zinthu za kusekondale mpaka tsiku limene zawapweteka. Mu September 2008 Miami Dolphins, imene chaka cham'mbuyo inapambana kamodzi kokha pa masewero 16, inapita kwawo kwa Patriots n'kuyamba kupereka mpira mwachindunji kwa Ronnie Brown, wothamanga, quarterback ataima kumbali ngati mlendo. Brown anathamangira matouchdown 4 n'kuponya imodzi. Zinatha 38 kwa 13. Kochi wa Patriots panthawiyo, Bill Belichick, ndi nzeru zake zonse anasowa chochita. Kaseweredwe kameneko amakatcha Wildcat.

Achimwene a ku Dallas: Ndipo mzere wake umabwerera kusekondale. Amene anabweretsa maganizowo ku Miami ndi David Lee, amene anachokera ku yunivesite ya Arkansas. Ku Arkansas kaseweredweko kanayamba mu 2006 ndi Gus Malzahn, amene chaka cham'mbuyo mwake anali kochi wa Springdale High School. Malzahn yemweyo ndi amene ankayendetsa mbali yogoletsa ya yunivesite ya Auburn pamene inatenga ukatswiri wa makoleji mu nyengo ya 2010 ndi quarterback Cam Newton. Koma Wildcat yokhayo si yatsopano. Ndi kaseweredwe kakale ka single wing ka kochi Pop Warner, kamene timu yake inkasewera ku sukulu ya Carlisle m'masiku a katswiri Jim Thorpe nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe. Makoleji ndi NFL anaisiya, koma masukulu ena a kumidzi sanaitaye.

Kaseweredwe kotchedwa run and shoot nako chimodzimodzi. Kochi Glenn Ellison wa ku Middletown, Ohio, mu 1958 timu yake itayamba chaka osapambana, anaika woyambitsa mpira yekhayekha pakati, apamzere onse n'kuwapititsa kutali mbali imodzi. Kuchokera pamenepo anakonza kaseweredwe koti wolandira mpira azisankha kolowera ali mkati mothamanga, malinga ndi mmene wotchinga waimira. Kochi Mouse Davis anayamba kukagwiritsa ntchito ku sekondale ku Oregon, ndipo pofika cha mu 1990 kanali mu NFL, Warren Moon akuponya ku Houston Oilers.

Nyerere ya ku Bangwe: Achimwene a ku Dallas mumagwira ntchito nthawi yanji kodi?

Achimwene a ku Dallas: Ndili pa shifiti ya usiku a Nyerere, odwala agona.

Anaphiri (Maryland): Nonse mukukamba za makochi, za ana simukukamba. Mwana wa mchemwali wanga ndi wamtali, wothamanga, manja abwino. Sukulu ya dera lawo imasewera Wing-T, kuthamanga ndi mpira basi. Masewero ena amatha osaponyeredwa mpira ngakhale kamodzi, ntchito yake kukankha. Makochi a makoleji amafuna vidiyo yoonetsa mwana akugwira mpira. Iye awaonetsa chiyani? Kochi akutenga zikho, dzina lake likutchuka, koma mwana amene akanapeza sukulu yaulere watsala. Kwa ife obwera m'dziko muno, fizi ya koleji si nkhani yoseweretsa.

Mayi a Tada (Indiana): Anaphiri mwalasa. Makolo ena kuno amachita kusamuka nyumba kuti mwana akalowe sukulu yoponya mpira.

Aphunzitsi a Masamu (Lilongwe): Achemwali, ululu wake ndaumva. Koma tiwerengenso. Anyamata osewera mpira umenewu ku sekondale amaposa 1 miliyoni, ndipo amene amapitiriza ku koleji sakwana mmodzi pa 10 aliwonse. Olandira sukulu yaulere ndi ochepa kuposa pamenepo. Kochi wa anyamata 40 akonze kaseweredwe kothandiza mmodzi kuoneka, kapena kothandiza onse 40 kupambana? Wing-T ndi Double Wing zimapatsa malo mwana wamfupi, wonenepa pang'ono, wosathamanga kwambiri, amene m'timu yomwaza bwalo akanangokhala pa benchi.

Anaphiri (Maryland): Aphunzitsi, mmodziyo akakhala wa m'nyumba mwanu masamu amasintha.

Achimwene a ku Dallas: Anaphiri akunena zoona, mtengo wake ulipo ndipo amaulipira ndi ana ngati ameneyo. Chimene ndingalangize n'chakuti m'chilimwe apite ku makampu amene makoleji amachititsa, ndiponso ku mipikisano ya 7 kwa 7, kumene kulibe kukankhana, n'kuponya ndi kugwira basi. Vidiyo aipeza kumeneko. Ndipo wolandira mpira wodziwa kukankha makochi amamufuna, asadzione ngati akutaya nthawi.

Koma musanyoze Wing-T. Sukulu ya De La Salle ya ku Concord, California, pansi pa Bob Ladouceur, inapambana masewero 151 otsatizana kuyambira 1992. Amene anadula mndandandawo mu September 2004 ndi Bellevue ya ku Washington, 39 kwa 20, ikusewera Wing-T, osaponya mpira kutsogolo ngakhale kamodzi. Ndipo De La Salle yomweyo inkasewera veer, kaseweredwe ka m'ma 1960 kamene makoleji akuluakulu ambiri anali atakasiya kale.

Refa Wopuma (Zomba): Mwaona mlamu? Onse amene atchulidwa apa, Markham, Kelley, Malzahn, a Bellevue, palibe amene analetsedwa. Akuluakulu sadana ndi nzeru. Analetsa mmodzi yekha, amene nzeru yake inali pa jezi osati pa kaseweredwe. Koma achimwene a ku Dallas, kwanuko ku Texas A-11 inafikako?

Achimwene a ku Dallas: Sinafike madala, chifukwa masukulu a ku Texas satsata buku la NFHS. Amasewera ndi malamulo a makoleji, a NCAA, ndipo m'menemo kumasuka kwa manambala kuja kumafuna kuti zioneke poyera kuti timu ingathedi kumenya mpira. Kampata kanali kotseka kale.

Koma kuno kuli china chimene mlamu achikonde. M'matauni ang'onoang'ono a kumadzulo kwa Texas, kumene sukulu yonse ilibe anyamata okwana timu ya 11, amasewera anthu 6 mbali iliyonse. Anayambitsa ndi mphunzitsi Stephen Epler ku Chester, Nebraska, mu 1934, nthawi ya mavuto a zachuma ija. Bwalo ndi la mayadi 80 m'litali ndi 40 m'lifupi. Pa mipata 4 muyenera kuyenda mayadi 15 osati 10. Kumenya mpira pakati pa mitengo ya golo kuli ndi mapointi ochuluka kuposa masewero wamba, chifukwa ndi anthu ochepa chonchi n'kovuta kutchinjiriza womenyayo. Timu ikatsogola ndi mapointi 45 kuyambira pa hafu, masewero amathera pomwepo. Ndipo onse 6 ndi ololedwa kulandira mpira, ngakhale woyambitsa mpira amene.

Mlamu wa ku Leeds: Ndiye chimene Piedmont inaletsedwera, ku midzi ya ku Texas ndi lamulo lenileni! Madala muyankhe.

Refa Wopuma (Zomba): Ndiyankha mlamu. Kumeneko aliyense akudziwa kuyambira pachiyambi kuti onse 6 angalandire mpira, wotchinga akudziwa, woimbira akudziwa, palibe chobisika. Piedmont ikanafuna zimenezo ikanapempha kuti lamulo lisinthidwe kwa onse. Ndiponso anthu 6 ndingathe kuwawerenga ndi diso limodzi.

Mlamu wa ku Leeds: Anapempha madala, atangoletsedwa. Anafuna kuti masukulu ofuna A-11 aloledwe kumasewera okhaokha. Sizinatheke.

Malume a ku Joni: Ya anthu 6 ija ndiye ikumveka ngati rugby sevens. Achimwene a ku Dallas, odwala akadzuka musanayankhe palibe kanthu, koma mutiponyere vidiyo yake pagulu pano.